Tsabola wakale akuwawabe: musawaseke otolera mapu

Ku America kuli bungwe lotchedwa Road Map Collectors Association. Linayamba mu 1996, ndipo anthu ake amakumana atanyamula makatoni odzaza ndi mapu akale a misewu. Amayala mapepalawo pamatebulo, kugulitsana, kusinthanitsana, kukangana kuti awa anasindikizidwa chaka chiti. Ali ndi kanyuzipepala kawokawo kotchedwa The Legend. Ambiri mwa mapu amene amawasakasakawo ndi aja ankaperekedwa ulere pamalo omwetsera mafuta, a Gulf, a Esso, a Texaco, a Sinclair. Mapepala amene madalaivala ankakhalira, kudonthetsera khofi, kenako n'kutaya, lero munthu wamkulu ndi ndevu zake akuwayendera ulendo wautali kukawagula.

Ndikudziwa zimene mukuganiza. Anthu okhuta awa. Zochita zawathera. Foni ili m'manja, kadontho kabuluu kakukuonetsa pamene waima, mayi uja wa m'foni akukuuza kuti ukhotere kumanzere, ndiye chipepala chopindapinda, choti ukachitambasula sichibwereranso mmene chinalili, n'chachiyani? Tsabola wakale sawawa, eti?

Amawawa. Ndipo lero ndabwera kudzakangana ndi magulu awiri. Loyamba ndi inuyo oseka. Lachiwiri ndi ena mwa otolerawo, amene amasunga mapu ngati chithunzi cha chibwenzi chakale, kumangochiyang'ana n'kumausa moyo kuti kale kunali kokoma.

Tiyambe ndi funso limene aliyense wokulira m'tauni amalidziwa: munthu akakupatsa chinthu chaulere, iyeyo akufunapo chiyani?

Galimoto zitangoyamba kuchuluka ku America, misewu inalibe manambala. Wapaulendo ankadalira mabuku ngati Automobile Blue Book, omwe ankalondolera njira ndi mawu: yendani mtunda wakuti, mukafika patchalitchi khoterani kumanja, mukaoloka mlatho pitirirani. Ndendende mmene timalondolerana ife, zija zoti mukafika pachigayo mufunse. Misewu ina inali ndi mayina, ndipo chizindikiro chake chinali penti yopakidwa pamapolo a telefoni. Wotchuka kwambiri unali Lincoln Highway wa mu 1913, wochokera ku Times Square mumzinda wa New York mpaka ku San Francisco. Mwini maganizo anali Carl Fisher. Bamboyu analemera ndi chiyani? Nyali za galimoto. Ena mwa amene anaponyapo ndalama anali akuluakulu a kampani ya matayala ya Goodyear ndi ya galimoto za Packard. Msewu woyamba wodutsa dziko lonselo unalotedwa ndi anthu amene ankafuna kuti muyende kwambiri, nyali zipse, matayala athe, mukagule ena.

Cha m'ma 1914 kampani ya mafuta ya Gulf inayamba kugawa mapu aulere ku Pittsburgh. Anzake ataona kuti zikuyenda, onse analowa m'bwalo. Kwa zaka pafupifupi 60, dalaivala akaima pothira mafuta ankapatsidwa mapu osalipira kanthu. Ambiri mwa mapuwa ankakonzedwa ndi makampani atatu, Rand McNally, H.M. Gousha ndi General Drafting, kenako pachikuto n'kuikapo dzina la wogulitsa mafuta. Mapu anali nyambo, mbedza inali pampu. Umboni wake ndi uwu: mu 1973 mayiko a Aluya atatseka mafuta, galimoto zitafola mizere pamapampu, chifundo chija chinayamba kuzilala. Pamene anthu akulimbirana mafuta okha, ndani angawanyengererenso ndi mapu? Patangopita zaka zochepa, aulere aja anali ogulitsa.

Ndiye inu amene mukuseka, tayang'anani m'manja mwanumo. Google Maps inayamba mu 2005. Simulipira kalikonse kupatula bandulo. Koma ndalama zambiri za Google zimachokera kotsatsa malonda, ndipo kuti foni ikulondolereni njira, iyenera kudziwa kaye pamene mwaima. Nyambo ndi yomwe ija, mbedza ndiyo yasintha. Kungoti mapu a Gulf sankadziwa kumene mwagona usiku wathawu.

Tsopano phindu la chipepalacho n'chiyani? Inu a m'badwo wa sikirinishoti simuyenera kufunsa funso limeneli. Mukudziwa bwino chifukwa chake munthu amajambula meseji isanafufutidwe: mawa wolembayo adzakana kuti sananene. Mapu akale a msewu ndi sikirinishoti ya dziko. Akusonyeza zimene dziko linkanena za ilo lokha chaka chimenecho, ndipo palibe angabwere usiku kudzazisintha.

Tengani Route 66. Pa 11 November 1926, America inavomereza dongosolo lopatsa misewu ikuluikulu manambala. Mmodzi mwa amene anali m'komiti yokonza zimenezi anali Cyrus Avery, wabizinesi wa ku Tulsa, m'boma la Oklahoma. Msewu wochokera ku Chicago kupita ku Los Angeles unadzera kuti? Ku Tulsa, kwawo kwa Avery. Iyeyo ankafuna nambala 60, a ku Kentucky anakana, ndipo atakokanakokana anagwirizana pa 66. Msewuwu unali wa makilomita pafupifupi 3,940, wodutsa maboma 8, ndipo phula linatha kuikidwa mu 1938. Koma sunakhale malo amodzi. Mu 1936 unatalikitsidwa kukafika ku Santa Monica, m'mphepete mwa nyanja. Mu 1937, ku New Mexico, unaongoledwa n'kusiya mzinda wa Santa Fe pambali, moti ku Albuquerque lero kuli mphambano pamene Route 66 yakale imadutsana ndi Route 66 yatsopano. Mzere ukasuntha papepala, wina bizinesi yake yaphuka, wina yafa. Kuti muone kusunthako muyenera kuyala mapu a 1930 pafupi ndi a 1940. Ndipo popeza osindikiza ambiri sankalemba chaka poonekera, ankangoika timalembo ndi timanambala pakona, ndi otolera omwewa amene anaphunzira kuwerenga timalemboto kuti adziwe kuti mapu awa ndi a chaka chiti. Mikangano yawo ya patebulo ija ndi ntchito, abale.

Kufa kwa msewuwu nakonso kuli pamapu. Mu 1919 gulu la galimoto za asilikali linatenga masiku 62 kuchoka ku Washington kukafika ku San Francisco, likutitimira m'matope ndi kuthyola milatho. M'gululo munali msilikali wachinyamata, Dwight Eisenhower. Atakhala pulezidenti, anasayinira lamulo la mu 1956 lomanga misewu ikuluikulu ya Interstate, makilomita pafupifupi 66,000, boma lalikulu likulipira 90 peresenti ya mtengo wake. Misewu yatsopanoyi sinkalowa m'matauni ang'onoang'ono, inkangowalambalala. Katauni ka Seligman ku Arizona kanalambalalidwa mu 1978, ndipo galimoto zimene zinkadyetsa mahotela, magalaja ndi malesitilanti ake zinasowa ngati wina watseka mpopi. Tauni ya Williams inali yomaliza, mu 1984. Mu 1985 Route 66 inafufutidwa pamndandanda wa misewu ya dziko. Zikwangwani zinazulidwa, mapu atsopano anatuluka opanda nambalayo.

Amene anakana kuti msewu ufe chomwecho sanali nduna. Anali wometa tsitsi wa ku Seligman, Angel Delgadillo, yemwe mu 1987 anasonkhanitsa anzake n'kuyambitsa bungwe la Historic Route 66 Association of Arizona. Lero alendo ochokera m'mayiko osiyanasiyana amapita kukayenda zidutswa zotsala za msewuwo. Koma zidutswazo anthu amazidziwa bwanji, poti zina zinasanduka tinjira ta m'minda, zina zinakwiriridwa ndi Interstate? Mwa zina, ndi mapepala omwe aja mukuti ngotha ntchito.

Mukadali ndi chikayiko, tsegulani Google Maps pafoni yanu, mupite kunyanja ija ili pakati pa Mexico ndi America. Mu January 2025 Donald Trump analamula kuti boma lake lizitchula Gulf of Mexico kuti Gulf of America. Mu February chaka chomwecho Google inasintha: wotsegula foni ali ku America amaona dzina latsopano, wa ku Mexico amaona lakale, enafe timaona onse awiri. Nyanja imodzi, mapu atatu, malingana ndi kumene waima. Palibe anatolera mapu akale m'nyumba za anthu, palibe anawotcha buku. Anthu anangodzuka n'kupeza dzina lasintha m'thumba mwawo. Mapu a pafoni amakuonetsa lero lokha, ngati kuti dzulo kunalibe. Apapepala, akalakwitsa kapena akanama, bodzalo limakhala pomwepo mpaka mdzukulu adzaligwire.

Ndipo kunama amanama. M'zaka za m'ma 1930 Otto G. Lindberg ndi Ernest Alpers a kampani ya General Drafting anatenga zilembo zoyamba za mayina awo, n'kuzisakaniza, n'kupanga dzina lakuti Agloe. Analiika pamapu a Esso, pamalo ena opanda mudzi kumapiri a Catskill m'boma la New York. Unali msampha wogwirira akuba: kampani ina ikadzatulutsa mapu okhala ndi Agloe, ndiye kuti yakopera. Dzinali linakhalitsa mpaka linafika pa Google Maps, ndipo John Green analigwiritsa ntchito m'buku lake la Paper Towns la mu 2008. Pamapu a boma la Michigan a 1978 mpaka 1979 panaikidwa matauni awiri abodza m'dera la Ohio, Goblu ndi Beatosu, pongofuna kuchemerera timu ya yunivesite ya Michigan ndi kugemula adani awo a Ohio State. Ndalama za boma zinasindikiza nthabwala ya masapota. Izi n'zoseketsa, ndipo otolera amazikonda. Koma zikutiphunzitsa chinthu chosaseketsa: kuseri kwa mzere uliwonse kuli dzanja la munthu, ndipo munthuyo ali ndi zofuna zake.

Apa ndiye ndikutembenukira kwa inu, akuluakulu a makatoni. Mwachita bwino kusunga. Koma bodza lalikulu la mapu anuwo si Agloe. Lili pachikuto.

Tayang'anani zikutozo. Bambo akuyendetsa, mayi akumwetulira, ana awiri kumbuyo, wothira mafuta wovala yunifolomu yoyera akuwabayibitsa. Msewu wotseguka, pita kumene ukufuna. Pafupifupi nthawi zonse nkhope zake ndi za azungu. Mapuwo akuonetsa mtunda kuchoka tauni iyi kufika iyo, koma sakunena kuti ndi tauni iti imene munthu wakuda sankaloledwa kupezekamo dzuwa likalowa. Matauni otere analipo ambirimbiri, ena mpaka ankaika zikwangwani polowera, ndipo James Loewen analemba buku lonse la nkhani imeneyi, Sundown Towns, mu 2005. Mapuwo sakunena kuti ndi hotela iti imene ikubwezere pakhomo, ndi lesitilanti iti imene ikuuze kuti ukalandirire chakudya kuseri, ndi pati pamene akugulitse mafuta koma n'kukukaniza chimbudzi. Mabanja a anthu akuda ankanyamula kamba wokwanira ulendo wonse, mabulangete, mafuta apadera m'zigubu, ngakhale chidebe chodzithandiziramo, chifukwa sankadziwa kumene angaloledwe kuima.

N'chifukwa chake Victor Hugo Green, wogwira ntchito yamtokoma wokhala ku Harlem, anayamba kusindikiza The Negro Motorist Green Book mu 1936. Linali buku la mayina a mahotela, nyumba za anthu wamba zolandira alendo, malesitilanti, magalaja ndi mometa tsitsi mmene munthu wakuda akanalandiridwa ngati munthu. Linayambira dera la New York, kenako linafalikira dziko lonse, ndipo linasiya kutuluka cha m'ma 1966, patangopita zaka zochepa lamulo la Civil Rights Act la mu 1964 litaletsa tsankho m'malo otere. Ndipo tamverani izi: malo omwetsera mafuta a Esso anali m'gulu la ogawa bukuli. Kampani yomweyo, mapu patebulo ili, Green Book patebulo ilo. Kwa dalaivala wachizungu mapu okha ankakwanira. Wakuda ankafunika awiri, ena omuuza kumene msewu ukupita, ena omuuza kumene angagone n'kudzuka wamoyo.

Nyimbo yotchuka ya Route 66, yolembedwa ndi Bobby Troup, amene anayamba kuijambula mu 1946 anali Nat King Cole. Munthu wakuda anaimbira dziko lonse kukoma kwa msewu umene mahotela ake ambiri sakanamupatsa bedi. Ku Tulsa konko, kwawo kwa Avery, zaka zisanu zokha msewu usanapatsidwe nambala, mu 1921, chigulu cha azungu chinawotcha dera la Greenwood, kumene anthu akuda anali ndi masitolo, mahotela, matchalitchi ndi manyuzipepala awo. Eni ake anamanganso ndi manja awo. Kenako kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunabwera msewu wa Interstate 244, n'kudutsa pakati pa Greenwood yomweyo.

Sizinachitike ku Tulsa kokha. Ku Miami, Interstate 95 inang'amba dera la Overtown. Ku Saint Paul, Interstate 94 inadutsa pamtima pa Rondo. Ku New Orleans, mu 1966, mitengo ikuluikulu ya mumsewu wa Claiborne, pamene panali mabizinesi a anthu akuda ndi malo awo ochezera, inagwetsedwa kuti pamwamba pake padutse Interstate 10. Pamapu a kampani ya mafuta zonsezi zimaoneka ngati mzere watsopano wonenepa bwino, chizindikiro cha chitukuko. Wolira chifukwa Interstate inapha katauni ka pa Route 66 akulira zoona. Koma ngati misozi yake ikuthera pa malesitilanti a ku Arizona osafika ku Rondo, ndiye kuti akulira maliro osankha.

Ngakhale azungu osauka, msewuwu sunawamwetulire monga pachikuto paja. M'zaka za m'ma 1930 chilala ndi mphepo ya fumbi zinathamangitsa mabanja ambiri ku Oklahoma ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anadzera Route 66 kukasaka ganyu ku California. John Steinbeck analemba za iwo m'buku la The Grapes of Wrath mu 1939. Mu 1936 apolisi a ku Los Angeles anatumizidwa kumalire a California kukabweza amphawi, nzika za dziko lomwelo. Nanga eni nthaka? Msewuwu umadutsa m'malo a mitundu ngati Navajo, Hualapai, Laguna ndi Acoma. Pa malonda a pamsewu anthu amenewa anasanduka zokongoletsera. Ku Holbrook, ku Arizona, kuli Wigwam Motel, kumene alendo amagona m'zipinda za simenti zomangidwa ngati mahema a mitundu ya kuchigwa chapakati, pomwe a Navajo oyandikana nawo nyumba yawo yamakolo ndi hogan, yosafanana n'komwe ndi mahemawo. Kwa wogulitsa, bola mlendo waima.

Wina anena kuti, aise, usalowetse ndale pachisangalalo cha anthu. Munthu akungokonda mitundu ya penti ndi kalembedwe kakale, walakwa chiyani? Sanalakwe. Zikuto zina n'zokongoladi, ndipo ojambula ake anali aluso. Koma ndale sindinazibweretse ine. Zinali kale m'katonimo. Amene anasankha kuti msewu udzere ku Tulsa, amene anasankha kuti Santa Fe isiyidwe, amene anasankha kuti Interstate idutse pa Overtown, onsewo anali pandale, ndipo mapu ndi lisiti la zosankha zawozo. Munthu sungasunge lisiti n'kumakana kuwerenga mtengo.

Winanso anena kuti zonsezi zili pa intaneti. Zoona, zambiri zilipo. Mapu zikwizikwi a David Rumsey, amene anawapereka ku yunivesite ya Stanford, mungathe kuwaona pafoni. Makope a Green Book anajambulidwa ndi New York Public Library ndipo aliyense angawawerenge. Koma makina sajambula mphepo. Chimene chinatayidwa m'bini mu 1955 palibe kompyuta ingachibweze. Chinthu chaulere ndicho chimasowa msanga, chifukwa palibe amachiona ngati chuma. Kuti lero pakhale chojambula, panafunika munthu wina wouma mutu amene anakana kutaya, akazi ake akudandaula za makatoni, ana akumuseka. Rumsey mwiniyo ndi wotolera. Intaneti imene mukuidalirayo ikudya thukuta la anthu omwe mukuwasekawo.

Mu 2026 Route 66 ikukwanitsa zaka 100, ndipo chikondwerero chotere chimakonda galimoto zakale zopukutidwa bwino, magetsi amitundumitundu ndi nyimbo ija. Pempho langa kwa otolera n'losavuta, ndipo ena mwa iwo akuchita kale. Patebulo lililonse pamene payalidwa mapu a Texaco kapena a Esso, pambali pake pakhale Green Book ya chaka chomwecho, ngakhale yongojambula. Pafupi ndi mapu oonetsa Interstate yatsopano pakhale mapu a mzinda womwewo zaka khumi m'mbuyo mwake, misewu ya Rondo ndi Greenwood ikadali ndi mayina ake. Mwana akabwera kudzaona, aone zonse ziwiri, afunse yekha kuti anthu a apa anapita kuti.

Ndipo inu a kadontho kabuluu, sindikuti mutaye foni. Usiku, mumzinda wachilendo, mayi uja wa m'foni ndi mpulumutsi. Ndikungoti mukamatsata mzere umene wakujambulirani, muzikumbukira kuti wina anaulipirira, wina anasankha mayina amene mukuwerengawo, ndipo pali malo ndi anthu amene sanaikidwepo. Mukaona dzina la malo amene mumawakonda, jambulani sikirinishoti, mulembe deti, musunge. Mukatero mwayamba kale ntchito ya madala a makatoni aja, ndipo tsiku lina mdzukulu wanu adzakusekani, kenako adzabwera kudzapempha kuti aone.